Zala za Wina M'kiyibodi Yanga

Ipyana anabweza kiyibodi yanga Lolemba masana, mvula ya ku Tukuyu ikuwaza monga mwa masiku onse. Anaikulunga m'chitenje ndi m'pepala la pulasitiki, n'kuimangirira kumbuyo kwa njinga yake yamoto ija amanyamulira anthu. Pakhomo sanafike. Anaima kuseri kwa nthochi za aneba, pomwe tinkakumanirana nthawi zonse, n'kuliza hutala kawiri. Bambo anali asanaweruke, ndiye ndinathamanga wopanda nsapato.

Anandipatsa katunduyo nandiuza kuti ku Kiwira zinayenda bwino, anthu anavina mpaka mabenchi kugwa, ndipo amalume ake akuthokoza. Injini sanazimitse. Ndinafuna kumufunsa ngati anandisowa masiku anayi amenewo, koma ndinangoyang'ana pansi, monga ndimachitira nthawi zonse. Anandigwira chala chaching'ono, nati pali kasitomala akumudikira, n'kupita.

Ndiyenera kufotokoza za kiyibodi imeneyi, chifukwa popanda iyo nkhani ya ine ndi Ipyana palibe. Anandigulira achimwene anga Angetile pa kaunjika ku Tunduma, chaka chomwe ndinalowa Fomu 3. Ndi yakale kuposa ine. Zilembo za pa mabatani zinafufutika kalekale, moti batani lililonse ndimalidziwira malo ake basi. Kiyi mmodzi wakumanja anafa, ndipo chivundikiro cha mabatire chimagwira ndi mphira wa tchubu cha njinga. Ili ndi ng'oma zake zam'kati zomwe zimalira ngati munthu akumenya chitini. Anyamata a kukwaya amaitcha agogo. Koma ili ndi luso limodzi. Ukadina batani lofiira imasunga zonse zimene zala zako zikuchita, ndipo ukadina lobiriwira imaziyimba yokha. Mawu a munthu siisunga, imasunga zala zokha, ndipo nyimbo yake ndi imodzi basi. Ukajambula ina, yoyamba ija yapita.

Mu Disembala, nditangolemba mayeso a Fomu 4, Ipyana anandifunsira potuluka kukwaya. Ndinatha milungu itatu osamuyankha. Sikuti sindinkamufuna. Ine ndine munthu woti mphunzitsi akanditchula dzina m'kalasi, ndinkabisa nkhope m'buku. Ndiye ndinapeka kanyimbo kopanda mawu, kodekha, ndinakajambula, ndipo tsiku lina anthu onse atatuluka m'tchalitchi ndinamuuza kuti adine batani lobiriwira. Anamvetsera mpaka kumapeto atatsamira khoma. Kenako anafunsa, "Ndiye kuti eya?" Ndinagwedeza mutu. Kuchokera tsiku limenelo batani lofiira sindinalikhudzenso.

Bambo sankafuna n'kumva komwe za anyamata a njinga zamoto. Ankati mwana wawo akupita ku Fomu 5 mu Julaye, osati kukakhala mkazi wa munthu wodikira makasitomala pansi pa mtengo. Foni yanga ankaiunika Lamlungu lililonse. Kiyibodi analamula kuti izituluka pakhomo popita kutchalitchi pokha. Choncho Ipyana atapempha kuti aibwereke, akuti ya kutchalitchi kwa amalume ake ku Kiwira inapsa ndi magetsi, amene anandithandiza kuitulutsa anali Atuganile.

Atuganile, amene timangomutchula Atu, ndi mwana wamkazi wa malemu bambo anga aang'ono. Amandiposa ndi zaka ziwiri, ndipo wakhala kwathu chiyambireni kuphunzira zosoka. Timagona chipinda chimodzi. Ndiye ankanditumizira mauthenga kwa Ipyana pa foni yake, poti yakeyo bambo sankaigwira. Lachinayi lapitalo anabisa kiyibodi pansi pa nsalu zake n'kudutsa nayo pamaso pa bambo akuwerenga nyuzi. Lachisanu anati akukaona mayi ake ku Ushirika. Sindinaganize kanthu.

*

Nditalowa kuchipinda ndinaimasula, ndinaipukuta, n'kuiika pabedi. Ndinadina batani lobiriwira chifukwa ndinali nditaisowa nyimbo yanga.

Ng'oma zinayamba, koma sizinali zomwe ndinasankha ine. Zinali zothamanga, zija amavinira paukwati. Kenako kunabwera dzanja lamanzere, ndipo ndinalidziwa nthawi yomweyo. Ndine ndinamuphunzitsa Ipyana makodi atatu okha amene amawadziwa, aja odina makiyi angapo pamodzi, ndipo nthawi zonse amafulumira kusintha ng'oma isanafike. Zinandiwawa kuti wafufuta nyimbo yanga, koma ndinamukhululukira pompo. Batani loyambitsa ng'oma layandikana ndi lofiira lija, ndipo zilembo palibe. Ndinadziuza kuti waphonya chabe, ndipo mwini wake sakudziwa n'komwe kuti ankajambula.

Ndiye kunabwera dzanja lamanja.

Silinali lake. Ipyana akamayimba ndi lamanja, lamanzere limaima. Manja awiri nthawi imodzi sanathepo. Apa onse ankayenda. Lamanjalo linali la munthu wongoyamba kumene, chala chimodzi, chodumphadumpha ngati nkhuku yojompha chimanga pa simenti. Chinkayimba nyimbo yanga. Chinaphonya, chinayambiranso, chinaphonyanso. Kiyibodi yanga ndi yaifupi. Anthu awiri sangayimbepo popanda mapewa kugundana.

Nyimbo yanga ili ndi malo ena pakati pomwe imatsika. Ndinaipeka choncho chifukwa kiyi wakufa uja ali pamwamba pake, ndinalibe kokwerera. Pali munthu mmodzi yekha amene amakwera pamalo amenewo. Amaiyimba cham'mphuno akamatsuka mbale, ndipo ndamukonza kambirimbiri, iye n'kumati yakeyo ndiye yokoma. Chala chija chitafika pamalopo chinakwera, chinagwera pa kiyi wakufa, panakhala chete. Chinabwerera m'mbuyo, chinakweranso, chete yemweyo. Katatu konse, ngati munthu wogogoda panyumba yopanda anthu.

Kenako manja onse awiri anasiya. Ng'oma zokha zinapitirira. Zinalira, zinalira, popanda wokhudza kiyi ngakhale mmodzi. Chakumapeto makiyi ambiri akumanzere analira pamodzi, phokoso loipa, lalitali, longa la chigongono kapena msana wa munthu wotsamira. Pamenepo malo osungira anadzaza, kiyibodi inakhala duu.

Ndinamvetsera kasanu. Ulendo wachiwiri ndi pomwe ndinayang'ana nthawi pa foni, ndipo ng'oma zija zinalira zokha mphindi zinayi ndi theka. Ulendo wachisanu ndinali nditakhala pansi, mutu pabedi. Sindinalire. Ndinkangodzifunsa kuti munthu amachita chiyani mphindi zinayi ndi theka, ngati kuti yankho sindikulidziwa.

*

Atuganile anafika dzuwa lisanalowe ndi thumba la mapeyala, akuti mayi ake atumiza. Anandipeza ndikusenda nthochi kukhitchini.

"Iwe sisitere, nkhope yatani? Agogo ako abwera ali moyo?"

Ndinati abwera. Anandifunsa ngati mwini njinga wandibweretsera kanthu, ndipo nditati ayi anati mwamuna wobwereka katundu n'kubweza chimanjamanja ndi wofunika kumutumiza kusukulu ya mkaka. Anaseka yekha. Ndinamufunsa za ku Ushirika. Anafotokoza zambiri, kuposa zimene ndinafunsa: mbuzi ya mayi ake yabereka mapasa, mlatho waung'ono uja wakokoloka, mwana wa aneba wathawa ndi kondakitala. Ine ndinkangoyang'ana chala chake chamkombaphala chikusenda nthochi pafupi ndi changa.

Titadya, potsuka mbale, anayamba nyimbo ija cham'mphuno mosazindikira. Atayandikira pakati anaima, natsokomola, n'kuyamba ina ya kukwaya. Miyezi yonseyi anali asanaisiyirepo panjira.

Ndinatenga foni yanga, ija bambo amaiunika, n'kumulembera Ipyana ndekha koyamba. Ndinati tikumane Lachitatu kuseri kwa tchalitchi, kwaya isanayambe. Anayankha msanga: "Wayamba kulemba wekha? Kugwa matalala mawa." Pansi pake anaika kamtima. Ndinafufuta zonse ziwiri.

*

Lachitatu ndinafika msanga ndi mabatire atsopano. Kuseri kwa tchalitchi kuli kakhonde pafupi ndi thanki ya madzi. Ipyana anabwera akutafuna chingamu, jekete litanyowa m'mapewa. Ndi wamtali, ali ndi kampata pakati pa mano akutsogolo, ndipo akamwetulira ndimaiwala zimene ndakonza kunena. Tsiku limenelo sindinamuyang'ane kumaso. Ndinaika kiyibodi pamiyendo n'kudina batani.

Poyamba anaseka. Anati ana a ku Kiwira ankaiseweretsa, kodi ana sindikuwadziwa? Ndinamufunsa ngati ana a ku Kiwira nawonso amasintha makodi ng'oma isanafike. Anasiya kutafuna. Chala chija chitakwera n'kugwera pa kiyi wakufa, anayang'ana kuthanki. Anati chabwino, anali Atu, anangokumana mwangozi pamsika wa ku Kiwira, ndipo ankamuphunzitsa kuti adzandidabwitse pa tsiku langa lobadwa. Tsiku langa lobadwa ndi la mu Okutobala.

Manja aja anasiya, ng'oma zinatsala zokha. Sindinazimitse. Tinakhala pamenepo tonse awiri kumvetsera chitini chikulira, madzi a padenga akudonthera m'thanki.

"Apa munali kuti?" ndinafunsa.

"Tinapita kukamwa tiyi."

"Osazimitsa ng'oma?"

"Tinaiwala."

Nthawi yomweyo makiyi akumanzere aja analira pamodzi.

"Ameneyo ndi tiyi watayika?"

Sindikudziwa komwe mawu amenewo anachokera. Iye anatambasula dzanja kulunjika pa batani lofiira, ndipo ine ndinakumbatira kiyibodi pachifuwa. Anakoka pang'ono, ndinakana. Anasiya, naimirira.

"Ndiye chidole cha pakaunjika chasanduka mboni? Iwe Tuli, miyezi isanu. Miyezi isanu sunandiuzepo ndi pakamwa pako kuti umandikonda. Ndikakufunsa kanthu umayang'ana zala zakumapazi. Ine chibwenzi changa ndi mabatire?"

Ndinati mauthenga ndinkatumiza.

"Mauthenga aja ndi okoma, sindikukana. Kamufunse amene ankawalemba."

Anapitiriza, ndipo zina mwa zimene ananena zinali zoona, n'chifukwa chake zinabaya. Anati mu Julaye ndikupita kusukulu yogonera komweko zaka ziwiri, kenako kukoleji, ndipo iye adikire mpaka imvi? Anati bambo anga akamuona pamsewu amachita ngati aona njoka. Anati mayi ake akudwaladwala, akufuna aone mpongozi maso akali otsegula. Kenako anafewetsa mawu, nandipempha kuti ndimupatse mpaka Lamlungu, adzandifotokozera zonse bwinobwino. Anagwira chala changa chaching'ono. Ndinachilanda.

M'kwaya tsiku limenelo ndinaphonya nyimbo imene ndimaiyimba ngakhale nditatseka maso. Aphunzitsi a kwaya anandifunsa ngati ndili ndi malungo. Ipyana anaima kumbuyo pa mzere wa amuna, akuyimba mokweza ngati palibe chachitika.

*

Lachinayi masana bambo ndi mayi kunalibe. Atu anali pa makina osokera pakhonde lakuseri, mapini ali kukamwa. Kiyibodi sindinabweretse. Ndinangokhala pamkeka n'kumufunsa kuti mauthenga anga ankawalemba bwanji.

Analavulira mapini m'dzanja. Sanadabwe; zinaonekeratu kuti Ipyana anali atamuuza kale. Anati ine ndinkamupatsa mawu atatu kapena anayi, muuze kuti ndamva, muuze ayende bwino, ndipo iye ankachita manyazi kutumizira mwamuna zinthu zouma choncho. Ndiye ankawonjezera. Poyamba kamzere kamodzi. Ipyana ankayankha zitalizitali, iye n'kuyankhanso, ine ndili kukwaya kapena kukatunga madzi. Pofika Pasaka, Ipyana anali atamudziwa mwini mawuwo.

"Ndinayesa kusiya, Tuli. Mulungu ndi mboni."

"Kangati?"

"Usandifunse ngati wapolisi."

"Ndikukufunsa ngati mng'ono wako."

Analira. Ndinali ndisanamuonepo akulira kupatula pa maliro a bambo ake, ndipo chopusa n'chakuti ndinafuna kumupukuta misozi. Anadzipukuta yekha ndi kansalu kotsala, ndipo atatsitsa kansaluko mawu ake anali ena. Anati ine ndili ndi sukulu, ndili ndi bambo, ndili ndi achimwene ondigulira zinthu ku Tunduma. Iye ali ndi makina obwereka ndi bedi la m'nyumba ya eni. Anati ndikafika ku Fomu 5 ndidzakumana ndi anyamata a mataye, Ipyana ndidzamuiwala teremu isanathe. Kenako anatsitsa mawu. Anati ngati ndikuganiza zokawamvetsera bambo aakulu zimene zili m'kiyibodimo, ndiyambe ndakonza yankho la funso lawo loyamba: inatuluka bwanji pakhomo pano, ndipo amene anaipereka ndani?

Pamenepo anandigwira. Kumuulula iye kunali kudziulula ndekha, ndipo bambo anga si munthu wokuwa. Amangolankhula kamodzi, chinthu n'kutha.

Ndinali ndi funso limodzi lotsala. Ndinamufunsa kuti nanga kiyibodi yanga ankaifuniranji. Akanatha kupita ku Kiwira awiriwiri, kukachita zawozo, osanditengera chinthu changa. Atu anandiyang'ana, kenako anabwezera mapini kukamwa n'kuponda makina.

Masiku awiri otsatira tinagona mofulatirana. Mayi anafunsa ngati talimbirana sopo.

*

Loweruka m'mawa, cha m'ma teni koloko, kunabwera azibambo awiri ovala majekete, wina ali ndi ambulera yaikulu. Bambo anawalandira pabalaza, mayi natituma kuti tiphike tiyi wamkaka ndi kutenthetsa mandazi. Nditasuzumira pa katani ndinaona wamkuluyo akutulutsa kampango koyera komangidwa mfundo, nakaika patebulo ndi manja awiri. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti m'kampango kotero mumakhala kalata yofunsira mbeta.

Ndiulule chinthu chimene sindinauzepo munthu. Kwa kanthawi kochepa ndinaganiza kuti ndi yanga. Ndinati mwina ndi zimene ankatanthauza ponena za Lamlungu, mwina wachita manyazi, mwina wasankha. Kenako ndinacheukira Atu. Anali atavala diresi yake yabuluu ya kutchalitchi, Loweruka m'mawa, kukhitchini.

Bambo anamasula kampango, anavala magalasi, nawerenga mpaka pansi. Anatiitana tonse awiri. Ine ndinalowa ndi thireyi, Atu anagwada pafupi ndi chitseko. Bambo anamufunsa ngati akumudziwa mnyamata wotchedwa Ipyana, mphwawo wa a Mwakibinga amene akhala apawa. Atu anayankha chapansipansi kuti akumudziwa.

Bambo anapuma mpweya wautali, nkhope yawo inamasuka. Anawauza alendo kuti yankho adzalimva akakambirana ndi mayi ake a mwana ku Ushirika, monga mwa mwambo, koma iwo sakuona chovuta, poti mtsikanayu ndi wamkulu ndipo ntchito yamanja ali nayo. Kenako anatembenukira kwa ine. Anati njinga ija akhala akuiona kuseri kwa nthochi miyezi ingapo, ndipo tulo sankaliona.

"Tulibako mwana wanga, undikhululukire. Ndinkakuganizira iwe."

Ndinaika makapu patebulo limodzilimodzi kuti manja apeze chochita.

A Mwakibinga anali munthu wokonda kucheza. Anathira shuga masipuni atatu, natakasa, nayamba kuyamikira kuti pakhomo pano amalera bwino ana. Anati mtsikanayu anamuona ndi maso awo Loweruka lapitali ku Kiwira. Mlongo wawo, mayi ake a Ipyana, wakhala akumva chiyambire Disembala kuti mwana wake wapeza mtsikana woyimba kiyibodi kukwaya, wofatsa, wopemphera. Ndiye mayiwo anamuuza mwana wawo kuti, bwera naye ndidzamumve ndekha, ndipo usaiwale kiyibodiyo. Anabweradi nayo. Mtsikanayu anakhala pakhonde, odwala ali pamkeka chapatali pang'ono, nawayimbira kanyimbo kodekha, manja onse awiri, osaphonya ngakhale pamodzi. Mlongo wawo analira. Anati munthu wopeka nyimbo yotere mtima wake ndi woyera, ameneyu ndiye mpongozi wanga.

Manja onse awiri, osaphonya. Atu wa chala chimodzi.

Sindinachedwe kuona mmene zinayendera. Ipyana anadina batani lobiriwira, Atu n'kumayendetsa zala pamwamba pa makiyi, anthu okalamba ali chapatali. Phunziro lija ndinalimva linali la pambuyo pake, zonse zitatheka, akusewera ndi kusangalala. Yankho limene ndinatha milungu itatu ndikulipeka, limene ndinalephera kulinena ndi pakamwa, analinyamula pa njinga kukagulira munthu wina apongozi.

Bambo anali atasiya kumwetulira.

"Atuganile amayimba kiyibodi? Chiyambire liti?"

A Mwakibinga anayang'ana mnzawo uja.

"Kiyibodi yake iti?" Bambo anavula magalasi. "Tulibako, kiyibodi yako inali kuti Loweruka lapitali?"

Atu anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndinawadziwa maso amenewo. Ndi omwe ankandiyang'ana nawo tili ana akaswa mbale. Bodza linali pafupi, losavuta. Ndikanangoti ndinamubwereka Atu, ndakhala ndikumuphunzitsa mobisa. Bambo akanandikalipira pang'ono alendo atapita, ukwati ukanayenda, ine ndikanapita kusukulu mu Julaye ndili mwana wabwino amene bambo ake anamupepesa pamaso pa anthu. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene zimenezo. Koma zimene zinatuluka zinali zina.

"Inali ndi Ipyana, bambo. Ndinamubwereka ndine, chifukwa ndi chibwenzi changa chiyambire Disembala. Nyimbo imene mayi ake anamva ndi yanga. Atu sadziwa kuyimba."

Mawu anga anali aang'ono, koma pabalaza pathu ndi popapatiza. Mayi, amene anaima pa katani, anagwira pakamwa. A Mwakibinga anaika kapu pansi pang'onopang'ono ngati ingasweke. Mnzawo uja anayamba kunena kuti mwina pali kusamvetsetsana, ana a masiku ano amatha kusereula, koma bambo anakweza dzanja ndipo anasiya.

Bambo anapinda kalata ija, anaibwezera m'kampango, namanganso mfundo. Sanaipereke kwa alendo, sanaisungenso m'thumba. Anaikankhira pakati pa tebulo. Anawauza a Mwakibinga mwaulemu kuti apite akamutenge mphwawo, abwere naye mawa mapemphero akatha, adzanene yekha pamaso pa anthu kuti pakhomo pano ankafunapo ana angati.

Alendo anatuluka, tiyi osamaliza. Ambulera anaiiwala pakona, ndipo palibe anawathamangira. Atu anali akadali chigwadire, akulira mopanda phokoso. Ine ndinaima ndi thireyi yopanda kanthu. Ndinkadikira kuti bambo andifunse zambiri, kapena anditukwane, koma analankhula ndi mayi.

"Tsitsa sutikesi pamwamba pa kabati. Ana awiriwa sangagonenso chipinda chimodzi, ndipo mmodzi achoka pakhomo pano mawa."

Mayi anafunsa kuti alongedze zovala za ndani. Bambo anatembenukira kwa ife. Anatiyang'ana tonse awiri nthawi yaitali, ndipo pa ine ndi pomwe maso awo anachedwa.